Adagio ya Albinoni: nyimbo imene mwini dzina sanaimvepo

Imayamba ndi mawu apansi, aja timati besi. Oimba sakwecha zingwe ndi uta monga amachitira woimba kaligo, amangozikodola ndi chala, du... du... du..., ngati mapazi a anthu amene anyamula bokosi ndipo sakufuna kufika msanga kumanda. Pamwamba pake limba la m'tchalitchi likung'ung'udza chapansipansi. Kenako mavayolini amalowa onse pamodzi ndi kanyimbo kotsetsereka, kotsika pang'onopang'ono, ndipo ngakhale munthu amene sanaphunzirepo nyimbo za ku Ulaya amadziwa nthawi yomweyo kuti apa pakulira munthu.

Mwina dzina lake simulidziwa, koma ngati mumaonera mafilimu a nkhondo kapena a anthu oferedwa, n'kutheka kuti inakudutsanipo m'khutu. Pa zimbale ndi pa YouTube amailemba kuti Adagio in G minor, ndipo pambali pake amaikapo dzina la Tomaso Albinoni, wopeka nyimbo wa ku Venice, mzinda wa ku Italy, amene anabadwa mu 1671 n'kumwalira mu 1751. Mawu akuti adagio ndi a Chitaliyana, amauza oimba kuti aimbe modekha, mosafulumira. Povuta ndi apa: nyimboyi inasindikizidwa koyamba mu 1958. Albinoni anali atagona m'manda zaka 207.

Ndiye anailemba ndani? Ambiri akamva nkhaniyi amaganiza kuti pali mayina awiri amene akukokanakokana, wina akuti ndi ya Albinoni, wina akuti ndi ya Remo Giazotto, katswiri wa mbiri ya nyimbo amene anaitulutsa mu 1958, ngati mkangano wa malire a munda umene mboni zake zonse zinamwalira. Si mmene zilili. Akatswiri a mbiri ya nyimbo sanena kuti Albinoni analemba nyimbo yonse imene timamvayi, ndipo ngakhale mutu umene Giazotto anaipatsa sunanene zimenezo. Chimene anthu akulimbirana ndi kapepala kamodzi, kachidutswa ka nyimbo yakale kamene Giazotto anati ndi kamene anamangapo Adagio imeneyi. Kodi kanalipodi? Ngati kanalipo, kanali ka Albinoni? Kapepalako ndi kamene kasenza dzina lonse.

Mwini dzina

Tomaso Albinoni anali mwana wa munthu wopata. Bambo ake, Antonio, ankachita malonda a mapepala ndi makadi osewerera mumzinda wa Venice, choncho Tomaso sanafunikire kukagogoda kutchalitchi kapena kunyumba ya mfumu kupempha ntchito monga ankachitira oimba ambiri a nthawi yake. Pa mabuku ake oyambirira ankadzitcha dilettante. Masiku amenewo mawuwa sankanyoza, ankanena munthu woimba chifukwa chokonda, osati chifukwa cha njala. Mu 1694 anatulutsa buku lake loyamba la nyimbo za zida, ndipo chaka chomwecho opera yake yoyamba inaseweredwa. Opera ndi sewero limene anthu amaimba m'malo molankhula, ndipo kumeneko ndiko kunali mtima wake. Mwa kuwerenga kwake iye mwini analemba pafupifupi 80, ndipo zambiri mwa izo zinasowa.

Zimene zinapulumuka bwino ndi nyimbo za zida, chifukwa zinasindikizidwa, zambiri ku Amsterdam, n'kufalikira mu Ulaya monse. Mabuku awiri, la 1715 ndi la 1722, muli makoncheto (nyimbo zimene chida chimodzi chimatsogolera gulu la zida zina) a oboe, chitoliro cha mawu opyapyala okhala ngati akutulukira m'mphuno, ndipo oimba chida chimenechi amawalemekeza mpaka lero. Kutali ku Germany, Johann Sebastian Bach anatenga timitu ta nyimbo m'buku loyamba la Albinoni n'kumangapo nyimbo zakezake, ndipo ankapatsa ophunzira ake mizere ya besi ya Albinoni kuti aphunzirirepo kulumikiza mawu. Sanali munthu wamba ayi. Komabe atamwalira dzina lake linazilala monga anazilalira mnzake wa mumzinda womwewo, Antonio Vivaldi.

Vivaldi ndiye anayamba kuuka. Pakati pa 1926 ndi 1930, mulu waukulu wa nyimbo zake zolembedwa pamanja unatulukira n'kukasungidwa m'laibulale ya ku Turin. Mu 1939 ku Siena kunachitika sabata yathunthu ya nyimbo zake. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera zimbale zazitali zotenga nyimbo zambiri, mawailesi anayamba kufuna zoulutsa, ndipo anthu otopa ndi mabomba anali ndi ludzu la nyimbo zakale za ku Italy. Nyimbo iliyonse yokhala ndi dzina la wopeka wakale ndi mbiri yoti "yapezeka m'mapepala oiwalika" inali ndi msika wake uli chikonzekere. Ndikuona kuti mfundo imeneyi tisamaiiwale poweruza zimene zinatsatira.

Nkhani imene Giazotto anasimba

Remo Giazotto anabadwira ku Rome mu 1910. Sanali munthu wongotulukira m'tchire. Anali katswiri weniweni wa mbiri ya nyimbo, wolemba mabuku, wogwira ntchito ku RAI, wailesi ya boma la Italy, ndipo kuyambira 1957 ankaphunzitsa pa yunivesite ya ku Florence. Mu 1945 anatulutsa buku lofotokoza moyo wa Albinoni, momwe anaikamonso mndandanda wa nyimbo zake. Pa nthawiyo, mukanafunsa kuti ndani pa dziko lapansi amene akumudziwa bwino Albinoni, anthu akanakulozerani kwa iyeyu.

Iye anati nkhondo itangotha analandira kachidutswa ka nyimbo kuchokera ku laibulale ya boma la Saxony mumzinda wa Dresden, ku Germany. Pa kachidutswako panali mzere wa besi wokhala ndi manambala, komanso timagawo 6 ta nyimbo ya vayolini yoyamba, togawika pawiri. Anati malinga ndi kuona kwake kanali mbali ya sonata ya m'tchalitchi, mtundu wa nyimbo yoimbidwa ndi zida zochepa, imene Albinoni analemba cha m'ma 1708. Pa maziko amenewo iye anamangapo nyimbo yathunthu, ndipo kampani ya Ricordi ya ku Milan inaisindikiza mu 1958 ndi mutu wautali uwu: Adagio in sol minore per archi e organo, su due spunti tematici e su un basso numerato di Tomaso Albinoni. M'Chichewa tingati: Adagio ya zida za zingwe ndi limba, yomangidwa pa timitu tiwiri ndi pa besi ya manambala ya Tomaso Albinoni.

Werengani mutuwo kawiri. Sukunena kuti nyimboyi ndi ya Albinoni. Ukunena kuti ya Albinoni ndi mbewu, ndipo wolima ndi wina. Koma mutu wa mawu 20 sukwana pa chikuto cha chimbale, ndipo muulutsi wa pa wailesi alibe mpweya woutchulira wonse. Unafupikira n'kufupikira mpaka panatsala mawu atatu: Adagio ya Albinoni. Dzina la Giazotto linatsikira ku timalemba tating'ono ta pansi, ngati la munthu amene anangopukuta fumbi, ndipo nthawi zina silinkalembedwa n'komwe.

Kodi besi ya manambala ndi chiyani?

Apa tiime pang'ono, chifukwa mlandu wonse wagona pa kumvetsa kukula kwa mbewuyo. Aliyense amene anaimbapo kwaya akudziwa kuti nyimbo imakhala ndi mawu anayi: soprano, alito, tena ndi besi. Tsono taganizani kuti mphunzitsi wa kwaya wamwalira, ndipo m'chikwama chake mwapezeka pepala la besi lokha, ndi timizere tiwiri ta soprano, kamodzi ka koyambirira, kena ka penapake pakati. Mawu a nyimbo palibe, alito palibe, tena palibe. Munthu wodziwa akhoza kukhala pansi n'kulemba nyimbo yokoma yoyenda pa besi imeneyo. Koma aphunzitsi khumi mutawapatsa pepala lomwelo, mudzalandira nyimbo khumi zosiyana, ndipo palibe imodzi imene mungalumbire kuti ndi imene malemu ankaimba.

M'nthawi ya Albinoni, imene akatswiri amaitcha ya Baroque, kuyambira cha m'ma 1600 mpaka cha m'ma 1750, opeka nyimbo sankamulembera woimba limba manotsi onse. Ankamulembera mzere wa besi wa dzanja lamanzere, n'kuika timanambala monga 6, 7 kapena 4 pa manotsi ena. Timanambalato tinkamuuza mawu ogwirizana amene dzanja lamanja liyenera kuwonjezera, koma kaimbidwe kake kanali kwa iye mwini, pompopompo. Choncho besi ya manambala imakuuzani njira imene nyimbo inadutsa, pokhota ndi potsetsereka, koma sikuuzani amene anayenda m'njiramo ndi zimene anavala. Ndiponso mizere yambiri ya besi, makamaka yotsika sitepe ndi sitepe posonyeza chisoni, inali ngati chitsime cha mudzi: aliyense ankatungapo.

Tikatero tikuona kuti ngakhale titavomereza mawu onse a Giazotto osachotsapo kanthu, mbali ya Albinoni ndi yochepa zedi. Timagawo 6 timatha m'masekondi ochepa. Nyimbo imene timamva imatenga mphindi 8, ena amaikoka mpaka 12.

Dresden

Chimene chinachititsa kuti nkhani ya kachidutswa imveke yoona ndi chakuti mbali zake zambiri ndi zoonadi. Ku Dresden kunalidi nyimbo za Albinoni. Mu 1716 ndi 1717 woimba vayolini wa kunyumba yachifumu ya kumeneko, Johann Georg Pisendel, anakakhala ku Venice, anaphunzira kwa Vivaldi, anadziwana ndi Albinoni, ndipo pobwerera ananyamula nyimbo zambiri, zina zolembedwa ndi manja a eniake. Zimenezi pambuyo pake zinalowa m'laibulale ya Saxony. Munthu wofufuza za Albinoni akanalemberadi kalata ku Dresden, palibe chodabwitsa pamenepo.

Moto nawonso unalikodi. Kuyambira pa 13 mpaka pa 15 February 1945 ndege za Britain ndi America zinaphulitsa mzindawo, ndipo anthu pafupifupi 25,000 anafa. Nyumba ya laibulale, yotchedwa Japanisches Palais, inapsa. Mabuku ambiri anali atasamutsidwiratu kukabisidwa kunja kwa mzinda, ena amene anasungidwa m'zipinda za pansi anaonongeka ndi madzi, enanso ochuluka anatengedwa kupita ku Soviet Union nkhondo itatha. M'chipwirikiti chotere pepala limodzi likhoza kusowa popanda wozindikira.

Ndiye mwaona mmene moto womwewo ukutumikira mbali zonse ziwiri. Wokhulupirira Giazotto amati pepala lenileni silikupezeka chifukwa linapsa kapena linatengedwa. Wokayika amati ngati munthu akufuna kunena kuti watola chinthu pamalo poti wina sangakatsimikize, palibe malo abwino kuposa nyumba yopsa. Onse awiri akulankhula zanzeru, ndipo moto sungaitanidwe kudzachitira umboni.

Chimene chimalemera kwa ine ndi khalidwe la Giazotto mwiniwake. Katswiri akapeza pepala lakale, mwambo wa ntchito yake ndi wodziwika: amalijambula, amatchula nambala ya shelefu pamene likusungidwa, amalisindikiza kuti anzake alione ndi maso awo n'kumutsutsa ngati walakwa. Giazotto ankaudziwa mwambo umenewu kuposa ine ndi inu. Anakhala ndi moyo zaka 40 nyimboyo itatuluka, anaiona ikuzungulira dziko lonse, ndipo anamwalira ku Pisa mu 1998 asanaonetse kachidutswako poyera. Akuluakulu a laibulale ya ku Dresden atafunsidwa, anayankha m'kalata mu 1990 kuti chinthu chotero mulibe m'zosunga zawo, ndipo m'kaundula wawo simunapezeke polembedwa kuti chinakhalamo. Tonse amene timanena za kachidutswako tili ngati kandimverere uja: tikubwereza za munthu mmodzi.

Khutu likuti chiyani?

Pepala likasowa, akatswiri amafunsa nyimbo yeniyeniyo, chifukwa nyimbo imakhala ndi kalankhulidwe ka kwawo monga munthu. Ndipo Adagio imeneyi ikangotsegula pakamwa imadziulula kuti si ya 1708.

Sonata ya m'tchalitchi ya mtundu umene Giazotto anatchula inkaimbidwa ndi anthu ochepa, mavayolini awiri, chelo (chida chonga vayolini yaikulu, cha mawu apansi) ndi limba laling'ono. Inkakhala ndi zigawo zinayi, chodekha, chofulumira, chodekha, chofulumira, ndipo chigawo chodekha kawirikawiri chinkatha m'mphindi 2 kapena 3. Limba linali wantchito wa kumbuyo, wodzaza mipata. Mu Adagio ya 1958 limba ndi limene limatsegula nkhani, lili ndi mawu akeake, ndipo kumbuyo kwake kuli chigulu cha zida za zingwe. Pakati nyimbo imaima, vayolini imodzi n'kutsala yokha ikudandaula momasuka ngati mayi wolira amene anzake amusiyira bwalo. Chakumapeto zida zonse zimakwera pamodzi, kufuula ndi mphamvu zonse, kenako n'kugwa. Kakwezedwe ka mtima kotereka, kokoka chisoni mpaka chifike pachimake, ndi ka anthu amene anakulira m'nyimbo za m'ma 1800 ndi opera za Puccini, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Italy, ndiponso amene anazolowera nyimbo za m'mafilimu. Albinoni weniweni akamva chisoni amachinena mwaulemu n'kupitirira. Sakhalitsa pamaliro.

Sindikunena izi ponyoza nyimboyo. Imandigwira mtima nthawi iliyonse, ndipo ndikuganiza kuti imatigwira chifukwa chomwecho: inalembedwa ndi munthu wa nthawi yathu, amene anaona nkhondo ya mabomba, pogwiritsa ntchito chovala cha makolo ake. Chovalacho ndi chakale, koma thupi lili m'katimo ndi la m'ma 1900.

Kapepala kachidindo

Nkhaniyi ikanathera pomwepa, anthu n'kugwirizana kuti Giazotto anapeka zonse, kachidutswa ndi nyimbo yomwe. Ambiri amaterodi. Koma amene ankamuthandiza Giazotto ntchito m'zaka zake zomaliza anapeza pepala lina. Wofufuza wina, Nicola Schneider, analifotokoza mu 2007 m'kafukufuku wake wa nyimbo za Albinoni zosungidwa ku Dresden. Pepalalo si lakale, ndi lokopera la masiku ano. Lili ndi besi ya manambala ija ndi timagawo 6 ta vayolini yoyamba, monga momwe Giazotto ananenera, ndipo pakona yakumanja pamwamba pali chidindo chosonyeza kuti chimene anakoperacho chinali cha ku Dresden.

Umboni umenewu ndi wofunika, ndipo amene amamutcha Giazotto wabodza ayenera kuuyang'ana m'maso. Ukusonyeza kuti mwina analandiradi kanthu. Komabe tisaukweze kuposa msinkhu wake. Pepala lokopera si pepala lenileni. Silingayezedwe inki, silingafananizidwe ndi kalembedwe ka dzanja la Albinoni, silingatiuze kuti analemba ndani poyambirira. M'malaibulale a ku Ulaya muli nyimbo zambirimbiri za m'ma 1700 zimene okopera ndi osindikiza anazimata mayina a anthu otchuka kuti zigulike, moti ngakhale pepala lakale lenileni litatulukira mawa lili ndi dzina la Albinoni pamwamba, akatswiri akanayamba kaye alifunsa mafunso. Chidindocho chingamuchotsere Giazotto mlandu wopeka mbewu. Sichingamupatse Albinoni munda.

Ndalama, ndi ena amene anavala mayina a akufa

Pali mbali ina imene anthu okonda nyimbo sakonda kuikamba. Nyimbo zenizeni za Albinoni zilibenso mwini pa lamulo, aliyense akhoza kuziimba kapena kuziika mu filimu osalipira umwini wa wopeka. Adagio ili ndi mwini. Giazotto analembetsa umwini wake, ndipo malamulo a ku Ulaya amateteza nyimbo kwa zaka 70 wopeka atamwalira, kutanthauza kuti imeneyi ndi yotetezedwa mpaka kumapeto kwa 2068. Choncho pa chikuto cha chimbale nyimboyi ndi ya munthu wa m'ma 1700, koma ku ofesi yotolera ndalama ndi ya munthu wa m'ma 1900. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, koma apa mapanga onse awiri anamusunga wouma: dzina lakale linakopa omvera, dzina latsopano linalandira malipiro. Ndinene mwachilungamo kuti zimenezi pazokha si umboni wa chinyengo, pakuti wokonzanso nyimbo yakale nayenso amaloledwa kukhala ndi umwini wa ntchito yake. Zimangofotokoza chifukwa chake panalibe amene anali pachangu kuwongola nkhaniyi.

Giazotto sanali woyamba kuima kumbuyo kwa dzina la wakufa. Fritz Kreisler, mmodzi mwa oimba vayolini otchuka kwambiri a nthawi yake, anakhala zaka zambiri akuimba tinyimbo timene ankati ndi ta Pugnani, Couperin ndi ena akale. Mu 1935 mtolankhani wa nyimbo wa New York Times, Olin Downes, atafunsa za mapepala enieni, Kreisler anavomera kuti analemba yekha, ponena kuti sankafuna dzina lake lizingobwerezedwa pa pulogalamu ya konsati. Ena anaseka, ena monga Ernest Newman wa ku London anakwiya kwambiri. Marius Casadesus wa ku France anatulutsa koncheto ya vayolini mu 1933 ponena kuti ndi ya Mozart ali mwana, ndipo anadzavomera kuti ndi yake mu 1977, pa mlandu wa kukhoti wokhudza umwini. Ave Maria ina yotchuka, imene ambiri amati ndi ya Giulio Caccini amene anamwalira mu 1618, inalembedwa ndi Vladimir Vavilov wa ku Leningrad, ku Russia, amene anaitulutsa pa chimbale mu 1970 ngati nyimbo ya munthu wosadziwika. Dzina la Caccini anamatapo ndi ena iye atamwalira.

Palinso zolakwika zopanda mwini. Kanyimbo kaja kotchedwa Minuet in G kamene ana ophunzira piyano amaimba ponena kuti ndi ka Bach, ndi ka Christian Petzold. Kanangopezeka m'kabuku ka nyimbo ka mkazi wa Bach, anthu n'kuganiza kuti zonse za m'menemo ndi za mwamuna wake. Apa palibe ananama.

Giazotto sakwana bwino m'gulu lililonse mwa awiriwa, ndipo n'chifukwa chake mlandu wake sukutha. Sanabise dzina lake ngati Kreisler, linalipo kuyambira tsiku loyamba. Sanalakwitse mosadziwa ngati amene anasokoneza za Petzold. Ananena zoona pa mutu wa nyimbo, kenako anangokhala chete pamene dziko linkaufupikitsa mutuwo, ndipo anakhalanso chete pa chinthu chimodzi chimene chikanathetsa mafunso. Kwa woimba wamba ndikanati zilibe kanthu. Kwa munthu amene ntchito yake inali kutiuza zoona za Albinoni, kukhala chete kumeneko kumandipweteka.

Ena amati, nanga dzina lili ndi ntchito yanji, nyimbo ikakhala yokoma? Funsoli ndi lomveka, ndipo pali tsiku limene ndimalivomereza. Pa 27 May 1992, mzinda wa Sarajevo ku Bosnia uli wozingidwa pa nkhondo, bomba linagwera anthu amene anali pa mzere wogula buledi, n'kupha oposa 20. Woimba chelo wina wa mumzindamo, Vedran Smailović, anayamba kutuluka ndi chida chake, atavala suti yake ya pakonsati, n'kumaimba m'mabwinja ndi pamaliro, zipolopolo zikadali kulira. Nyimbo imene anthu amamukumbukira nayo ndi Adagio yomweyi. Mu August chaka chomwecho laibulale yaikulu ya mzindawo inatenthedwa, ndipo pali chithunzi chodziwika cha iye akuimba m'kati mwa bwinja lake. Nyimbo imene mbiri yake imayambira m'laibulale yopsa inakafika m'laibulale ina yopsa. Palibe amene anaima pamenepo kufunsa za manambala a besi, ndipo sakanayenera kutero.

Koma masiku ena onse dzina lili ndi ntchito, chifukwa dzina lolakwika labisa anthu awiri nthawi imodzi. Labisa Giazotto, amene analemba imodzi mwa nyimbo zodziwika kwambiri za m'zaka za m'ma 1900 koma anthu ochepa okha ndi amene angamutchule. Ngati nyimboyi inakutonthozanipo, amene anakutonthozani ndi iyeyo, ndipo ayenera kuthokozedwa ndi dzina lake ngakhale tikumudandaula pa zina. Labisanso Albinoni, moipirapo. Munthu amene wakonda Adagio akapita kukafuna nyimbo zina za Albinoni amayembekezera misozi yomweyo, ndipo akapeza nyimbo zowala, zopepuka, zoyenda mwachangu, amabwerera ali wokhumudwa ngati wapatsidwa katundu wolakwika. Munthu analemba nyimbo zaka pafupifupi 50, ndipo lero akuyezedwa ndi muyezo wa nyimbo imene sanaimvepo. Ine ndikanakonda osindikiza ndi oulutsa azilemba monga ena ayamba kale kuchitira: Remo Giazotto, Adagio, pa timitu timene amati ndi ta Albinoni.

Amene akufuna kumva Albinoni weniweni ali wodekha afunefune koncheto ya oboe mu D minor, yachiwiri m'buku lake lachisanu ndi chinayi, limene amalilemba kuti Opus 9, losindikizidwa ku Amsterdam mu 1722 iye ali moyo. Chigawo chake chapakati nachonso chimatchedwa Adagio. Mavayolini amayamba ndi timafunde tofatsa tokwera n'kutsika, ngati madzi akugunda masitepe a nyumba za ku Venice. Kenako oboe imalowa ndi noti imodzi yokha, yaitali, yoyambira pansipansi n'kumakula, ndipo imaigwira mpaka iwe womvera uyambe kudera nkhawa mpweya wa woimbayo, isanatsetsereke kulowa m'nyimbo.